Foni Yachitatu pa Rauta Yanga

Nditathawa kuchoka ku Liwonde ndinatenga mwana, zovala, laputopu ya kuntchito ndi rauta, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba. Rautayo ndinagula ndekha, choncho sindinaone chifukwa chowasiyira bambo a mwana wanga, amene anali atandigulula dzino n'kundilonjeza kuti tsiku lina adzandimaliza. Ndinapeza nyumba ku Balaka, zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya simenti ndi malata. Eni ake anali a Haji ndi akazi awo, anthu achikulire ochokera kwa Kawinga. Amayiwo ndinawafotokozera zonse tsiku lofika lomwelo. Anangondiyang'ana pakamwa, n'kundipatsa makiyi.

Ntchito yanga inali yolowetsa mayankho a kafukufuku m'kompyuta, ndipo abwana anandilola kugwirira kunyumba bola ndikhale ndi intaneti. A Haji anali ndi modemu yolandirira intaneti m'sitolo, koma wayifayi yake inali yofooka, inkathera pakauntala pomwepo. Tinagwirizana kuti ndikoke waya kuchokera ku modemuyo, kudzera pakabowo kolowera mpweya, mpaka patebulo langa, ndipo kumapeto kwake ndilumikize rauta yanga ija, ya nyanga zinayi.

Koma rautayo sindinkaikhulupirira. Ku Liwonde bambo a mwana ankaiyendetsa ndi foni yawo. Ali kutali ankaona kuti ndalowa pa intaneti nthawi yanji, ndipo akakwiya ankangondidula. Mnzanga wa kuntchito anandiuza za pulogalamu ina yaulere imene munthu amaika m'kati mwa rauta m'malo mwa ija yochokera nayo kufakitale. Anati ikalowa imafufuta zakale zonse, koma magetsi akathima isanamalize kulowa, rautayo imafa osadzukanso.

Ndinaiyamba ntchitoyo m'mawa wina mwana ali kusukulu. Nditadina batani, kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono pagalasi la laputopu, ine maso ali pa babu la kudenga. Magetsi sanathime. Rauta inazima yokha, n'kuyakanso, ndipo ndinaona tsamba lachilendo loyera, lopanda chilichonse cha munthu uja. Intaneti yokha inakana. Nditafufuza ndinapeza kuti rauta yanga ndi modemu ya a Haji zinali ndi adiresi imodzi, moti uthenga sunkadziwa kopita. Ndinasintha nambala imodzi pa yanga, ndinaonetsetsa kuti waya wochokera kusitolo uli m'kabowo ka buluu kali pakokha, ndipo zinatheka. Ndinaseka ndekha m'nyumba, chinthu chimene ndinali ndisanachite chichokereni ku Liwonde.

Kunatsala kutcha dzina wayifayi. Tabuleti ya mwana inkavuta kulembapo, galasi lake linali losweka, ndiye ndinalemba dzina lomwe lija la ku Liwonde ndi pasiwedi yomweyo kuti zipangizo zathu zizingolowa zokha. Zinalowadi. M'munsi mwa tsambalo, pamene pamaoneka onse amene alumikizidwa, panatulukira foni yanga, kenako tabuleti. Ndinapita kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza zilipo zitatu.

Yachitatuyo inali ndi dzina limene anzawo a kumpira amawaitanira bambo a mwana. Ndinalidziwa bwino chifukwa ndine ndinawalembera pafoniyo ili yatsopano.

Poyamba ndinadziuza kuti ndi zotsalira, kuti pulogalamu ija sinafufute zonse. Koma pambali pa dzinalo panali nambala yosonyeza mphamvu ya netiweki, ndipo inkasintha. Inkatsika pang'ono, n'kukwera, n'kukweranso. Chinthu chotsalira sichiyenda. Apa ndi pamene ndinamvetsa: foni yawo inamva dzina la kunyumba, n'kulowa yokha monga inkachitira masiku onse akafika pageti. Ndipo rauta yanga, ngakhale ya nyanga zinayi, sinkafika patali kuposa msewu wa kutsogolo kwa sitolo.

Ndinaganiza kuti akangotulutsa foni m'thumba aona dzina la nyumba yathu lili pamwamba, ndipo sakhalanso ndi chofunsa. Ndinazula pulagi kukhoma. Magetsi a rauta atazima ndi pamene ndinazindikira kuti ndadzitseka maso ndekha. Tsopano sindinkadziwa ngati akuyandikira kapena akupita.

Ndinatuluka chowerama mpaka kukhitchini ya amayi a nyumba. Anali atakhala pampasa akupeta mpunga.

"Amayi, afika," ndinatero.

"Mwawaona?"

"Iyayi. Foni yawo yalowa pamakina anga. Ali pafupi, mwina pasitolo."

Sanafunse kuti zimenezo zimatheka bwanji. Anaika lichero pansi n'kuyang'ana dzuwa. Nanenso ndinayang'ana. Inali nthawi yoweruka ana aang'ono, ndipo mwana wanga ankadzera kutsogolo kwa sitolo masiku onse, kumene a Haji ankamupatsa switi.

"Ndipite ndikamuchingamire," ndinatero.

"Inu ndiye amene akufunidwa. Lowani m'chipinda mwanga, mukhome. Akajogopa, mwanangu." Ankanditonthoza m'Chiyao chawo kuti ndisaope, uku akumanga mpango kumutu. Anatulukira pampata wa kuseri umene ankatayirako phulusa.

Chipinda chawo chinagundana ndi sitolo. Ndinakhala pansi pafupi ndi khoma, ndipo ndinawamva bambo a mwana m'sitolomo. Anali mawu awo aulemu aja, amene ankalankhulira ndi akuluakulu a mpingo ndi ankhoswe. Anayamba ndi kufunsa mtengo wa malata. Kenako anati akufunafuna mkazi wawo, wodwala mutu, amene wathawa ndi mwana, ndipo wina wawauza kuti anamuona akutsika minibasi cha kuno.

"Onani chithunzi ichi, bambo," anatero.

Ndinadziluma dzanja. Foni ija inali m'manja mwawo tsopano, galasi lili poyera. Kodi anaitulutsa ndisanazule pulagi kapena nditazula? Ndinayesa kuwerengera m'mutu koma nthawi inali itasokonekera.

A Haji anati, "Achimwene, ine maso anga ndi a shuga, zithunzi za m'foni sindiziona bwino. Komanso pano timagulitsa simenti. Nkhani za mabanja zili ndi ankhoswe ake, ndipo ngati munthu wasowa, polisi ili apo."

"Kuseriku kuli nyumba za lendi?"

"Kuseriku kuli akazi anga. Mwamuna wachilendo salowako."

Ndinamva nsapato zikuyenda pakhonde, kupita uku, kubwerera uku. Panjira panadutsa ana a sukulu akuphokosera, ndipo ndinatchera khutu kufuna mawu a mwana wanga pakati pawo, uku ndikupemphera kuti ndisawamve. Geti la m'mbali linagwedezeka kamodzi, ngati munthu akuyesa loko. Ndinayang'ana m'chipindamo chimene ndingagwire, koma munali mkeka wopempherera, sutikesi ndi botolo la mafuta basi. Patapita nthawi imene sindingathe kuiyeza, njinga yamoto inalira n'kumka cha kudepoti.

Sindinatuluke mpaka amayi aja atagogoda n'kudzitchula. Mwana anali naye kumbuyo, akudya chigumu. Anamupeza pageti la sukulu, n'kuzungulira naye njira ya kumsika, kumuuza kuti akufuna wowathandiza kusankha tomato.

Madzulo a Haji anabwera kuseri atachoka kumzikiti. Ndinawafunsa ngati munthuyo anayang'anitsitsa foni yake asanawaonetse chithunzi. Anati sakudziwa. Iwo anangoona kuti ankatuluka thukuta kwambiri. Anandiuzanso kuti sadzanama m'malo mwanga kawiri, pakuti za maso zija zinali zitawalemera kale pamtima, choncho nkhaniyi ipite koyenera.

M'mawa mwake amayi anandiperekeza kupolisi, ku ofesi yoona za nkhanza za m'banja. Ndinaonetsa mpata wa dzino lija ndi mauthenga amene ndinasunga. Nkhani inafika kukhoti, ndipo bambo a mwana anawaletsa kuyandikira ine ndi mwanayo. Kumeneko ndinawaona koyamba chithawireni, atavala jekete, osandiyang'ana n'komwe. Za tsiku lija sanatchule, inenso sindinafunse.

Rauta ndinaiyatsanso patapita masiku, nditatseka mawindo, ngakhale ndinkadziwa kuti mawindo satchinga netiweki. Ndinathimitsa wayifayi yonse n'kumagwira ntchito pawaya. Mwana analira chifukwa cha makatuni ake, ndipo pamapeto pake ndinaitsegulanso ndi dzina la zilembo zopanda tanthauzo, mphamvu yake nditaichepetsa kuti izithera pakhomo. Tinakhala m'nyumba imeneyo mpaka mwana atafika Sitandade 4, pamene ntchito inandisamutsira ku Ntaja.