Makina Okunkha ndi Mulu wa Mapesi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi wogulitsa zitumbuwa pageti la kampani ina ku Makata. Masiku amenewo ndinkayenda ndi envulopu ya khaki kuchokera m'tauni mpaka ku Limbe, satifiketi yanga ya zaulimi ili m'katimo, mwana wanga Tamanda ali kumsana. Bambo ake anali atapita ku Joni ndili ndi pakati, ndipo foni yawo inali itasiya kugwira. Tsikulo ndinangokhala pansi pafupi ndi beseni la mayiwo kuti ndiyamwitse. Iwo anandiyang'ana, nayang'ananso envulopuyo.

"Achemwali, inu ndi a sukulu eti? Mwenye wa m'katimu akufuna munthu wodziwa za m'munda. Koma mwanayo mundisiyire pano, musalowe naye."

Mwenyeyo anali a Salimu, wobadwira ku Limbe konkuno, Chinyanja chawo choposa changa. Satifiketi anangoiona pang'ono n'kundifunsa ngati ndimatha kugwira sipanala. Ndinati ndimatha. Kenako, chifukwa ine mtima wanga sumasunga kanthu, ndinawauza kuti ndili ndi mwana woyamwa.

"Ana tonse tili nawo, mayi," iwo anatero. "Koma wanuyo ndisamumve pa ntchito pano."

Anandilemba mongoyeserera. Tamanda ndinkamusiya kwa achemwali anga ku Ndirande kunja kusanayere bwino, ndipo masana ndinkalowa m'chimbudzi kukafinya mkaka kuti usaoneke pa ovolosi. Kunena zoona, ndinkachita mantha ndi chilichonse. Foni ikalira m'thumba, mtima phaa, mwana wadwala. A Salimu akatsokomola mu ofesi, basi andichotsa.

Kampaniyo inkagulitsa mapampu, zigayo ndi zokonolera chimanga, koma ine anandilembera makina amodzi amene anali atakhalitsa m'shedi osagulidwa. Anali makina okunkha, otola mbewu zogwa m'munda anthu akatha kukolola. Amakokedwa ndi thirakitala, ndipo mphamvu yake imabwera ndi shafiti yochokera kumbuyo kwa thirakitalayo. Kutsogolo kuli chigubu chozungulira chokhala ndi zala zachitsulo. Zalazo zimapalasa pansi n'kuponyera chilichonse pa lamba: chimanga, makoko, mapesi, dothi. Lamba amapereka ku mipeni yoduladula mapesi, fani imaulutsa zinyalala, sefa imagwetsa dothi, njere n'kumatsikira m'thumba cha kumbali. Anthu a m'shedi ankangowatcha Nkhuku ya Mwenye.

Amene anandiphunzitsa anali a Fernando, dalaivala komanso makaniko, bambo wa imvi amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Ankandinena a Pulofesa.

"A Pulofesa, ku koleji anakuphunzitsani kuti girisi amanunkha?"

Anandionetsa mothira girisi ndi kapampu ka m'manja, mokungira lamba mpaka asamagwe pakati ukamukanikiza ndi chala, mosinthira sefa ya chimanga ndi ya soya, ndiponso mokwezera chigubu kuti zala zizingokhudza dothi osakumba. Asanalize injini, ntchito yanga inali kuyenda m'munda monse kutola miyala, mawaya ndi makasu othyoka, n'kuzika kandodo ka nsalu yofiira pamene pali chitsa. Lamulo lalikulu linali limodzi: makina akulira, usaime kutsogolo. Ngakhale dalaivala atachotsa shafiti, chigubu chimapitirizabe kuzungulira chokha kwa kanthawi.

Vuto linali lakuti minda yathu ndi ya mizere, pamene makinawo amafuna munda wosalala wolimidwa ndi thirakitala. Ogula anali osowa. Miyezi yanga yoyeserera ili pafupi kutha, a Salimu anandiuza poyera kuti Nkhuku ikapanda kugulidwa, palibe chondisungira. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa ku Nyambadwe, mwini famu yaikulu cha ku Lunzu. Anati akufuna aone ndi maso ake makinawo akugwira ntchito m'munda mwake.

Tinakweza makina pa lole m'mawa wa tsiku lozizira la mwezi wa Juni. Thirakitala tinakaipeza komweko. Chimanga chinali chitakololedwa ndi manja, monga mwa nthawi zonse: kudula, kuimika mikukwe, kenako kusenda. Pamene panali mkukwe uliwonse panatsala mulu wa mapesi. Ndikuyenda ndi tindodo tanga, ndinapeza kathumba ka chimanga chochepa katatayidwa, kutsogolo pang'ono beseni la pulasitiki, kwinanso patapata mmodzi. Ndinafunsa mlonda amene anaima chapafupi ndi galu.

"Ndi azimayi okunkha," anatero. "Abwana anati lero asalowe, chotsala n'cha makina. Tawathamangitsa pompano."

Ndinawaona patali, ataima m'mphepete mwa munda pansi pa mitengo ya bulugamu. Mtima unandiwawa, chifukwa inenso ndinakula ndi ufa wokunkha kwathu ku Chiradzulu. Koma ndinakumbukira ntchito yanga, n'kuyang'ana kumbali. Ndinafunsa a Salimu ngati tiyambe taphwasula milu ya mapesi. Anakana. Mwini famu ankafuna kuona makina akudutsa pa miluyo, poti chimanga chambiri chimabisala pansi pake.

A Fernando analiza injini, nalowetsa shafiti. Amene sanamvepo phokoso la makina amenewo sangamvetse. Munthu akhoza kukukuwira m'khutu, iwe n'kumangoona pakamwa pakuyenda. Ine ndinkayenda cha kumanzere, pamene pamatsikira njere, kumanga matumba. Mulu woyamba unalowa wonse, kumbuyo n'kutuluka tizidutswa tokhatokha. Wachiwiri chimodzimodzi. Mwini famu anatapa njere m'thumba, naziyang'ana pa dzanja, n'kumwetulira. A Salimu anandikwezera chala chachikulu. Mumtima ndinati Tamanda wanga wapulumuka.

Pamenepo ndinaona mayi mmodzi atachoka pa gulu lija akuthamangira m'munda. Mlonda anamugwira mkono. Iye anadziponya pansi, nadzukanso, pakamwa pali yasa. Mwini famu anangogwedeza mutu, monga munthu wodziwa kuti ndi za kukunkha zomwezo. Inenso ndinaganiza choncho. Koma nditayang'anitsitsa, ndinaona kuti mayiyo sankaloza matumba. Dzanja limodzi linali litagwira mabere. Bulauzi yake inali yonyowa pachifuwa ponse, kunyowa kumene ine ndinkabisa tsiku ndi tsiku. Pachifuwa pomwepo panali mfundo ya chitenje choberekera mwana, koma kumsana kunalibe kanthu.

Ndinatembenuka kuyang'ana mulu umene tinkaulunjika. Sunali wogona ngati inzake. Mapesi ake anali oimikidwa, otsamirana, pamwamba atamangidwa ndi kansanza. Mayi aliyense wokunkha amamanga kotero kuti mwana agone pa mthunzi, mphepo isamupeze. Amayi anga anandigonekamo ine.

Sindikumbukira kuganiza. Ndinataya thumba, ndinadutsa m'mbali mwa tayala, ndinakaima pakati pa thirakitala ndi muluwo manja ali m'mwamba. Ndinaona maso a a Fernando akutuzuka. Anakhotetsa chiwongolero kuti asandigunde, naponda kilachi ndi mabuleki, nachotsa shafiti. Thirakitala inaima chopingasa, koma makinawo ndi otambalala kuposa thirakitala, ndipo mbali yake imodzi inali itafika kale pa mulu. Chigubu chinkazungulirabe. Ndinaona zala zija zikukoka mapesi a m'mbali, limodzi ndi limodzi, kenako zinakoka nsonga ya nsalu yabuluu. Zinaikulunga pang'ono, pang'ononso, n'kuima.

Injini itazima, kunangoti zii. A Salimu anabwera akuthamanga, nkhope itafiira.

"Mwapenga kodi? Mukufuna mundifere pamaso pa kasitomala? Vulani ovolosi yanga, muzipita."

Ndinagwada n'kuyamba kuchotsa mapesi ndi manja. M'katimo munali kamwana kakakazi, kochepa kuposa Tamanda, katagona pa saka. Nsalu imene anakafunditsa ndi imene inali m'zala za makina, ndipo inali itakakoka kale mpaka kamwendo kanali kunja kwa saka. Kanali mbuu ndi fumbi, nsidze zomwe. Kanandiyang'ana, kanayetsemula, kenako n'kuyamba kulira.

Ndinakanyamula n'kukhala nako pansi. Mkaka wanga unangotuluka, n'kuboola nsalu zonse ndinaika m'kati, ovolosi yonse n'kunyowa pamaso pa abwana. A Salimu anayang'ana mwanayo, anayang'ana mipeni, napita kuseri kwa lole. Tinawamva akusanza. A Fernando anatsika n'kukhala pa dothi atatsamira tayala, akunong'ona pemphero m'Chipwitikizi. Atakweza mutu anati, "Mayi a Tamanda, ndikanapita kuti ine?" Aka kanali koyamba kunditchula choncho.

Mlonda anamusiya mayi uja. Anafika osalira, anangondilanda mwana, namuvula, namuyang'ana zala za kumanja ndi za kumiyendo, n'kumuika kubere ataima. Anali mtsikana ndithu, wamng'ono kwa ine. Mwini famu anamufunsa mokalipa kuti ndi mayi wanji wothawa kusiya mwana.

"Galu anabwera cha pakati pa ine ndi iyeyu, bwana," anayankha. "Masiku onse akatithamangitsa amapita, ife n'kubwerera. Ndinati agone kaye. Chinthuchi sindimachidziwa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinanena kwa achimwenewa. Anati ndi bodza lofuna kukatenga thumba."

Mlonda anayang'ana galu wake. Mwini famu anapisa m'thumba, koma anatulutsa dzanja lopanda kanthu, ngati waiwala chimene amafuna. Ine ndinkadikira kuti mtsikanayo atukwane, kapena anene za polisi. Iye anasuntha mwana kubere lina, nayang'ana milu imene inatsala.

"Ndiye bwana, uku simunafikeku, tikunkhe kapena tisakunkhe?"

Funso limenelo linandiziziritsa kuposa nsalu yabuluu ija. Mwini famu anangokweza dzanja, osayang'ana munthu, ndipo azimayi onse analowa m'munda ndi mabeseni awo. Ife tinadula nsalu m'zala za makina ndi mpeni, tinakweza pa lole, n'kubwerera. Njira yonse ine ndinkangoganiza kuti mawu aja ovula ovolosi sanabwezedwe. Titafika ku Makata ndinaivula, ndinaipinda, n'kukaiika pa tebulo la a Salimu. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kaichapeni kunyumba. Mawa mubwere," anatero. "Mwana wanu ali ndi miyezi ingati?"

Nditafika ku Ndirande ndinamulanda Tamanda kwa achemwali anga osapereka ndi moni womwe. Ndinamuvula, inenso n'kuyamba kumuyang'ana zala. Achemwali anafunsa ngati kuntchito kwagwa maliro. Ndinalephera kuwafotokozera mpaka m'mawa mwake.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti patangopita masiku ochepa, bambo wa ku Nyambadwe uja anabwera kudzagula makinawo. Anati waona kuti amatola bwino. Anandilemba ntchito yokhazikika chifukwa cha malonda amenewo, ndipo sindinama, ndinasangalala. Ndinagulira Tamanda juzi ndi bulangeti mumsika wa Limbe. Koma ndikudziwanso kuti chaka chotsatira azimayi aja anapeza munda uja uli psiti, ndipo amene anakaphunzitsa dalaivala wa pafamupo mokwezera chigubu ndine. Zimenezi sindinazikonze mumtima mwanga mpaka lero.

Chimene ndinakwanitsa n'chaching'ono. Buku la makinawo limanena za miyala, mawaya ndi zitsa, chifukwa kumene anawapanga munda ukakololedwa mumatsala mbalame zokha. Kuno munda wokololedwa umakhala ndi anthu ake. Ndiye kulikonse kumene ndapita ndi makina, kaya okunkha, kaya otchetcha, makiyi a thirakitala amakhala m'thumba mwanga. Mulu uliwonse ndimaugubuduza ndi manja anga, ngakhale kasitomala aziyang'ana wotchi. Ndikatha ndimapita m'mphepete, kumene alonda akankhira azimayi, osatuma munthu. Ndimapereka moni, n'kufunsa kuti, "Amayi, alipo mwana watsala m'mundamu?" Ena amaseka, ena amandiona ngati wamisala. Ine ndimangoima pompo kuyang'ana misana yawo mmodzimmodzi, ndipo dalaivala sapatsidwa makiyi mpaka mayi womaliza atandiyankha.