Matumba Awiri a Simenti

Ku KwaThema kunalibe makaniko wodziwa masipuling'i kuposa a Zakeyu Kachingwe. Madalaivala onyamula katundu wa matchona kupita naye ku Malawi ankayamba aima pakhomo pawo. Pikapu ikamakokera kumanzere, kapena ikamanjanja kumbuyo, iwo sankathamangira jeke. Ankaitana akazi awo.

"Modester, takwerani kumbuyo. Mukhale pamwamba pa tayala."

Galimoto yopanda katundu imanama, ankatero a Zakeyu. Ndiye mayiyo ankakhala m'bodi, amuna awo n'kumadutsa pa mahampu a msewu wa kusukulu, khutu lili tcheru. Modester akapendekeka, a Zakeyu ankadziwa sipuling'i yomwe yatopa. Akagunda mutu, ankadziwa kuti vuto ndi lalikulu, ndipo ankasangalala.

Zaka khumi ndi zinayi mayiyo anakwera galimoto iliyonse yopita kwawo, koma ankatsikira pa hampu yomaliza. Ku Ntcheu anasiyako mwana wamkazi akukwawa, ndipo ankangofuna kukamuona. Disembala aliyense ankapempha.

"Bambo, chaka chino ndipite nawo."

"Mukapita, andikhalire kumbuyo ndani? Thumba la simenti silinena pamene lagunda."

A Zakeyu ankaona kuti kumeneku n'kuyamikira. Ine amene ndinkakhala nawo pafupi ndimawada nazo mpaka lero.

Tsiku lina dalaivala wina, Geoffrey, anamva chisoni n'kupereka malo aulere. A Zakeyu anagwada, nayang'ana pansi pa pikapu, n'kupukusa mutu: masipuling'i sakanatha kunyamula munthu wina. Pamalopo anakwezapo firiji ya mkazi wawo wachiwiri wa ku Balaka, yemwe ankamumangira nyumba.

Modester anamwalira mu Julaye, msana utayamba kale kukana. Anthu a kumpingo anasonkha ndalama zoti maliro apite ku Ntcheu, ndipo Geoffrey anabwera ndi ngolo yaing'ono yokoka ndi pikapu. Atakweza bokosi, a Zakeyu anati ayiyese kaye, chifukwa ulendo ndi wautali ndipo dzina lawo lingaipe. Anayendetsa okha mpaka ku mahampu aja, azimayi akuimba pageti.

Ngolo inanjanja. Bokosi linadumpha n'kugwa ndi phokoso, nyimbo n'kudukira pakati.

A Zakeyu anatsika, nakanikiza ngolo ndi dzanja, n'kumvetsera. Nkhope yawo inali ya munthu amene wakhumudwitsidwa pa ntchito.

"Masipuling'i alibe vuto," anauza Geoffrey. "Apepuka mayiwa, matenda anawadya. Ikaponi matumba awiri a simenti pambali pa bokosi. Mukatsitsa maliro ku Ntcheu, simentiyo mukasiye ku Balaka."