Kukaothera Dzuwa ku International City

Ndinanyamuka ku Mirdif m'mawa wa Lachisanu, mu Januwale, bulangete lili m'khwapa. Madamu amene ndimawalerera ana anandilola monyinyirika. Anati ndisavule masiki, ndiponso ndibwere dzuwa lisanalowe. Mng'ono wanga Tadala, amene amakolopa mu hotelo ina, anali atachira korona, koma pafoni ankangoti, "Asisi, ndikuzizidwa mpaka m'mafupa." Anzake anandiuza kuti wasiya kudya. Ndinali ndi mantha kuti matenda amusiya koma iye wadzitaya.

Ukawauza a kumudzi kuti ku Dubai kumazizira, amakuseka. Nanenso ndinabwera wopanda juzi ndi imodzi yomwe. Koma mphepo ya m'mawa wa Januwale imaluma makutu ngati ya mu Juni ku Dedza, ndipo anthu akuno sazimitsa AC ngakhale kuzizire chotani.

Basi yoyamba inandidya madiramu atatu pa khadi. Mipando ina anaimata mapepala oletsa kukhalapo, moti tinakhala motalikirana ngati tayambana. Mayi wina wa ku Philippines ataona bulangete langa anafunsa ngati andichotsa ntchito. Ndinati ayi, ndikukaona wodwala. Anasunthira kumpando wakutsogolo, ali komweko nati, "Inshallah, Mulungu akalola achira." Sindinamukwiyire. Masiku amenewo ngakhale chifundo chinkachitikira patali.

Ku Rashidiya, podikira basi yachiwiri, ndinagula tiyi wamkaka wa diramu imodzi n'kumamwera kuseri kwa chipilala, masiki ali pachibwano. Ndinafika ku International City, kumene Tadala amakhala, dzuwa litakwera. Nyumba za kumeneko n'zofanana zonse, ndinazungulira mpaka miyendo kuwawa.

Chipinda cha Tadala chinali chogawidwa ndi mabolodi, chopanda windo. AC inkalira, poti anzake ogwira ntchito usiku anali mtulo ndipo sankafuna kuti izimitsidwe. Iye anali pabedi lam'munsi, atafunda kale mabulangete atatu. Langa lija ndinachita nalo manyazi.

"Iwe, dzuwa unaliona liti?"

"Sindikukumbuka, asisi."

Ndinamutsitsa pang'onopang'ono, atandikolowekera mkono pakhosi. Kuseri kwa nyumbayo, poimika magalimoto, ndinayala bulangete m'mbali mwa khoma. Tinakhala pansi, misana kukhoma, miyendo titatambasula, monga timachitira kwathu. Odutsa ankayenda cham'mthunzi akutiyang'ana ngati amisala.

Posakhalitsa mlonda anatulukira. "Yalla, yalla!" anatero, akutikusa ndi dzanja. Tadala anayamba kudzuka, misozi ili lengelenge.

"Khalas, basi zatha, asisi, tiyeni. Ndikagone."

Mtima unandipsa. Ndinadziwa kuti akabwerera pabedi lija sadzatsikanso. "Khala pansi," ndinatero. "Dzuwali si la abambo ake."

Mlonda uja anaseka mpaka masiki kusuntha. "Ninaziba kuti ndimwe bakwathu! Ndani wina angayale bulangete pa zuba mu Dubai muno? Ine ndine wa ku Chipata." Anamuyang'ana Tadala, kuseka kuja n'kutha. "Pansi sibalola, alongo, ma camera yaona. Koma mupando wanga ulipo. Ine niimilila."

Anaubweretsa, wapulasitiki, n'kuuika poomba dzuwa. Anati m'mawa uliwonse uzikhala pamenepo. Tadala anakhalapo, maso ali chitsinzinire. Kenako ndinaona thukuta pamphuno pake.

"Asisi," anatero osatsegula maso, "pakantini apo sagulitsa chapati?"

Ndinathamanga ngati mwana, ine mayi wamkulu. Anadya imodzi ndi theka.

Dzuwa litapendeka ndinayenera kukagwira basi. Ndinabwera poganiza kuti wozizidwa amafuna chofunda, osadziwa kuti kuzizira kwina kumafuna kuti munthu akutulutse panja. Kwathu mlendo amaperekezedwa, ndipo Tadala sanandisiyepo ndekha pakhomo chibadwire. Tsiku limenelo anangokweza dzanja, nati sangachoke mthunzi usanafike pamapazi pake. Ndinapita ndekha kokwerera basi, ndikulira m'masiki ndi chimwemwe.