Chidendene cha Kafano ka Mkuwa

Chaka changa choyamba ku America ndinkasamalira agogo ena achizungu ku Greenbelt. Ndinkakwera basi kuchokera ku Lanham, kumene ndinkagona pabalaza kwa msuweni wanga. Iyeyo ndi amene anandipezera ntchitoyo, ndipo anachita kundiuziratu kuti ndikakangoilakwitsa, ndisadzamuyang'anenso kumaso. Kwina kolowera ndinalibe, ndipo ana anga awiri ku Zomba ankadalira ntchito yomweyo.

Agogowo anali amasiye, maso atayamba kuchita chifunga. Pashelefu m'chipinda chochezera panali tifano tisanu ta mkuwa, kalikonse kotalika ngati chikhatho changa. Anandiuza kuti ndi milungu ya Agiriki ndi Aroma akale, anasiya ndi malemu amuna awo, omwe ankaphunzitsa mbiri yakale. Kena kanali kamayi kovala chisoti chankhondo, kena kabambo kandevu kokweza mkono. Ine kanga kanali kamnyamata ka timapiko m'zidendene, kamene ankati n'koyang'anira apaulendo. Zoti ndi milungu sizinandivute kwenikweni, ngakhale ndine wa kwaya. Chimene chinkandinyansa ndi dzimbiri lobiriwira limene linatikuta kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankayamba ayang'ana kunsi kwa poto asanakupatse moni. Kwathu chitsulo chakuda ndi manyazi a mwini nyumba. Mchenga, phulusa, kukwecha mpaka udzione nkhope. Ndiye ndikamadutsa pashelefupo ndinkangopukusa mutu, mumtima ndikunyoza antchito onse amene anagwirapo m'nyumbamo ine ndisanabwere. Ulesi wakewo!

Lachitatu lina masana, agogo akuwodzera, ndinanyamula kamnyamata kamapiko kaja n'kupita nako kusinki. Ndimu, mchere, waya wokwechera mapoto. Ndinayambira kuchidendene. Mayo ine, kuwala kwake! Mkuwa unatuluka wofiirira, waliwali, ndipo ndinali ndikuimba ndithu.

Agogo anatulukira ndi ndodo yawo, kufunsa za fungo la ndimu. Ine monyadira ndinawaika kafanoko m'manja kuti aone okha. Zala zawo zinayenda kuchokera kumutu, n'kukaima pachidendene. Kenako, ndi mawu otsika, anandifotokozera kuti zobiriwirazo si litsiro ayi, ndi khungu limene mkuwa umavala ukakhala m'nthaka zaka zambirimbiri, ndipo likachoka lachoka, palibe mmisiri angalibwezere. Anati ndiweruke msanga tsiku limenelo.

M'basi ndinalira osasamala za anthu. Ndinkachita mantha, komanso manyazi ankandidya, chifukwa ndinaononga chinthu cha malemu ndikuimba nyimbo. Msuweni wanga sindinamuuze kanthu. Kutacha ndinapita kiyi wa nyumba yawo ali m'manja, kuti ndikangobweza ndekha asanachite kundiitanitsa.

Ndinawapeza pampando wawo wapawindo, kafano kaja kali pamiyendo. Sanandibisire, anati dzulo lake anandikwiyira mpaka chakudya chinawakanika. Kenako anandiuza zimene sindinkadziwa. Moyo wawo wonse wa m'banja, amuna awo sankalola munthu kugwira tifanoto popanda magolovesi oyera, thukuta la m'manja lingationonge. Agogowo ankangopukuta fumbi m'mbalimbali ngati akulambalala alendo aulemu, ndipo ngakhale maliro atapita ankaopabe. Tsono maso atafooka, kuona sankationa, kugwiranso osatigwira. Koma dzulolo, ali chikwiyire choncho, anangozindikira kuti chala chawo chachikulu chikubwererabwerera pachidendene paja.

"Apa pokha ndi pamene ndingagwire osaopa," anatero. "Waononga, mwana iwe, usaganize kuti sunaononge. Tinato usatiyandikire ndi ndimu wakoyo."

Ndinatambasula dzanja, kiyi ali pachikhatho. Kaya sanamuone, kaya anachitira dala, mpaka lero sindidziwa. Anangotembenukira kuwindo n'kunena kuti tiyi wachedwa. Ndinaponya kiyi m'thumba n'kuthamangira kukhitchini, misozi ili chuchuchu.

Ndinawasamalira zaka zinayi, mpaka tsiku limene tinawaperekeza. Ndinawakonda agogo amene aja, ndipo ndimawasowa. Mkuwa ukausiya umada, aliyense wotsuka ziwiya amadziwa zimenezo. Ine kafano kaja sindinakakhudzenso ngakhale ndi kansalu, koma pamene mwana wawo, amene anabwera kudzatenga katundu maliro atatha, ankakakulunga kuti apite nako, chidendene chinali chikuwalabe.