Kansomba ka Pulasitiki ka Amalume

Fungo la mapatapata atsopano amene ndagula lero landibwezera kudamu la Chagwa, pamwamba pa phiri la Zomba. Amalume anali ndi nyambo imodzi yokha yowedzera nsomba zolusa zotchedwa basi: kansomba kofewa ka pulasitiki, konunkhira chimodzimodzi. Anakalowetsa mbedza kukamwa, nsonga n'kuibisa pamsana kuti isakodwe m'udzu, kenako anandipatsa ndodo.

"Gwedeza kawiri, ndiye uleke. Zimakonda kansomba kooneka kodwala."

Ndinakaponya m'madzi n'kugwedeza kawiri. Nditaleka, kanayamba kumira.

"Amalume, katayikatu!"

"Katayike, n'kanga. Dikira."

Ndinadikira, nkhungu ikutsika m'mapaini. Mwadzidzidzi chingwe chinayamba kuyenda chokha cham'mbali. Ndinawayang'ana kuti andilande ndodo, koma iwo anapisa manja m'matumba.

"Imeneyo ndi yako, mphwanga. Koka!"