Ndinapita ndi Wezulo ku Laibulale

Chaka cha 1962 ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinagwira buku la zithunzi koyamba. Linali patebulo la aphunzitsi. Ndinaonamo sitima ya pamadzi, kenaka ndinalandira zikoti zitatu chifukwa cha manja akuda. Kumene sitimayo inkapita sindikudziwa mpaka lero.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ku esiteti ndinali kapitawo wa othyola tiyi, ndipo pagulu langa sipanasowepo dengu. N'chifukwa chake komiti ya sukulu yathu, njira ya ku Masambanjati, inandisungitsa kiyi wa laibulale.

Mabuku a zithunzi anali atakhala m'makatoni zaka zitatu. Mayi Nalikata, aphunzitsi a Sitandade 1, anakhala akuvutitsa ahedi kuti ana awagwireko. Ahedi anagonja, koma ndi lamulo: tiyese Lachitatu lokha, ndipo buku likang'ambika, onse abwerera m'katoni. Woyang'anira ndi kukapereka lipoti ndinali ine.

Ndinagwira ntchito mmene ndimaidziwira. Ana ndinawaimika pamzere ngati othyola tiyi pa sikelo. Ndinayendera manja, mkati ndi kuseri. Amene anadya mapeyala ndinawabweza kumjigo. Aliyense ndinamupatsa nambala ndi buku limodzi, ndipo ndinalengeza kuti wezulo wanga akalira, asinthane.

M'chipinda munali zii. Ndinanyadira. Kenaka ndinayang'anitsitsa. Palibe anali atatsegula buku. Onse anali pamkeka, mabuku pamiyendo, maso pa wezulo.

Mayi Nalikata anandinong'oneza kuti ndikhale nawo pansi. Ndinawauza kuti kapitawo sakhala pansi ntchito ili mkati.

"Agogo, awa si antchito," anatero. "Simuwapima makilo lero."

Ndinakhala. Mawondo analira, ana anaseka.

Kamtsikana kena, Tadala, kanandisendera ndi buku la mbuzi. Kuwerenga sadziwa, koma anayamba kundifotokozera: mbuzi yakwera minibasi ya ku Luchenza, yalanda mpando wa dalaivala, kondakitala akuikoka mchira. Mawu a pansi pa chithunzi ankanena zina, zoti mbuzi yasochera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuwongole, koma aphunzitsi anandipukusira mutu.

Tadala anandifunsa kuti mbuzi yokwiya imalira bwanji. Ndinati sindidziwa.

"Ndiye mwakalamba bwanji osadziwa?"

Ine ndaweta mbuzi iye amayi ake asanabadwe. Ndinalira. Ndinalira bwino lomwe.

Basi, mabuku onse anatseguka. Aliyense ankasaka nyama yoti andibweretsere. Ndinakhala tambala, ndinakhala ng'ombe, ndinakhala chule. Njovu ndinaikana, poti sindinaimvepo, ndipo sindinama. Wina anapeza sitima ya pamtunda, nabwereka wezulo kuti sitimayo inyamuke. Ndinapereka.

Tinabwerera kwa mbuzi ija kuti tione ngati inafika ku Luchenza. Ndinanyambita chala, ndinatsina kona ya pepala. Koma zala izi zinazolowera nsonga za tiyi. Zikatsina zimathyola. Kona inanditsalira m'manja.

Phokoso linatha. Mayi Nalikata anagwira pakamwa, poti lamulo la ahedi ankalidziwa. Tadala anayang'ana kapepalako, anayang'ana ine, kenaka anafunsa aphunzitsi ngati agogo akwapulidwe.

Sindinakwapulidwe. Tadala anathamanga kukatenga guluu.

Tsono inu owerenga, ndikufunseni. Ndi masukulu angati amene mabuku awo ali m'kabati, kudikira alendo kuti adzaone kuti ndi oyera? Buku loyera limene mwana sanaligwire laphunzitsa yani? Timaopa manja a ana, timati sanayambe kuwerenga, adikire akule. Koma mwana amayamba ndi chithunzi. Amanamizira mbuzi minibasi lero, mawa afuna kudziwa zimene zalembedwa pansi pake. Tadala anandifunsa kale tisanatuluke. Ndinamuwerengera. Anati nkhani yake ija ndiye yokoma, ndipo ndinavomera.

Ndisaloze ena okha. Kiyi anali m'thumba langa zaka zitatu.

Ana atapita ndinakhuthula makatoni mpaka pansi, chinthu chimene sindinachitepo. Mabuku a pansi anali atamatana ndi chinyezi cha mvula ya chiperoni. Ena chiswe chinali chitawamaliza. Chiswe sindinachiyenderepo manja.

Ndinapita ku ofesi nditavula chipewa. Ndinauza ahedi kuti buku limodzi lang'ambika, ana sanang'ambe, wang'amba ndine. Ndinawaikira patebulo mabuku odyeka aja. Anawatembenuza nthawi yaitali.

"Lamulo ndi lamulo, a Kapitawo," anatero. "Kaya tikuikeni m'katoni inuyo?"

Pomaliza anagamula kuti laibulale izitsegulidwa kwa ana aang'ono Lachitatu ndi Lachisanu. Mayi Nalikata anavina pakhonde. Ine sindivina. Ndinangowagwira chanza.

Lipoti langa la zowonongeka nali. M'makatoni otseka: mabuku asanu ndi awiri, chinyezi ndi chiswe. M'manja mwa ana: palibe. M'manja mwanga: kona imodzi ya mbuzi. Batani limodzi la jekete, linaduka ndili chule. Wezulo mmodzi, anapita ndi sitima, ndipo sindikumufuna.