Wozinga Mbuzi wa ba Mwansa

Amene anandikana ndi ba Mwansa, mwini butchala ya kuseri kwa msika wa Kanyama. Anandikana masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu a boma, pamene mawu awo okha akanatha kunditsitsa m'lole. Ndikanena nkhaniyi ena amati ndimakuza zinthu chifukwa ndine wamtima wapachala. Mtima wapachala ndili nawodi, sindikana. Koma izi zinachitika.

Zinali zaka za chipani chimodzi. Sukulu ndinali nditasiyira Giredi 6, nditagulula dzino la mnyamata wina amene ankakonda kunditcha Munyasa. Bambo anga Amadu, telala, anachokera ku Mangochi n'kuwoloka malire kubwera kuno nthawi ya Federeshoni, amayi n'kuwatsatira. Ine ndinabadwira m'Kanyama, m'nyumba, osati kuchipatala. Ba Mwansa anali a khomo loyandikana nafe, ndipo ankakonda kudzitama pagulu kuti, "Uyu Yusufu, ndine ninachova njinga kukaitana mzamba siku anabadwa."

Bambo atamwalira, ba Mwansa anabwera okha kunyumba. Ku Kanyama kunali Achawa ambiri, matelala ndi okhoma zidebe, ndipo sankagula nyama pokhapokha atadziwa kuti wazinga ndi Msilamu. "Abiti, nipaseni mwana uyu azinizingila mbuzi," anauza amayi. M'mawa mwake ndinayamba.

Shehe wa kumzikiti kwathu ndiye anandionetsa kazingidwe. Mpeni umaunola pamwala mpaka uzimeta ubweya wa pamkono. Mbuzi umaigoneka chakumanzere, nkhope italoza kumene timaloza popemphera, umatchula dzina la Mulungu, kenako umadula pakhosi kamodzi osanyamula dzanja. Magazi akatha umaipachika pangowe ndi miyendo yakumbuyo, n'kusenda chikopa ndi chibakera, chifukwa mpeni umaboola chikopa ndipo ogula zikopa amachikana. Matumbo ndinkatsuka m'beseni kuseri, mafupa n'kudula ndi chikwanje pachitsa.

Ntchito ina inali yongoonetsa nkhope. Ba Mwansa anandigulira kofiya yoyera, kachisoti ka Asilamu kaja, ngakhale ine kumzikiti ndinkapita mwa apo ndi apo. "Vala, uziimilila pa kauntala. Bakaona chisote, baziba ati nyama ili bwino." Ndinkavala. Makasitomala anachulukadi.

Reji ndinalibe, chitupa cha boma chija. Ndinapita ku ofesi ya boma kukatenga msinkhu utakwana, kalaliki n'kundifunsa mudzi ndi mfumu. Ndinati Kanyama. Anaseka. "Kanyama ni komboni, si munzi. Leta batate bako." Ndinamuuza kuti bambowo akawafukule yekha kumanda, ndipo anandithamangitsa. Amayi anati ndisabwererekonso, kuopa kuti angayambe kufufuza iwo. Ena ankati wobadwira kuno ndi wakuno basi, ena ankati mwana amatsata bambo. Palibe ankadziwa chenicheni.

Tsiku la lole linali Lachisanu. Ndinali pakauntala, magazi m'manja, pamene anthu anayamba kuthawa mumsika. Apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko anali atatseka njira, achinyamata a chipani akuwalozera nyumba ndi mashopu. Mmodzi analoza kofiya yanga. Sanafunse n'komwe dzina. "Reji!" Ndinati ndilibe, koma ndinabadwira pompano. Anandigwira lamba wa thalauzi kumbuyo n'kundikweza m'lole, momwe munali kale azibambo ena atakhala pansi, mmodzi tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi.

Sindinachite mantha poyamba. Ndinakuwa kuti aitane abwana anga. Ba Mwansa anatuluka akupukuta manja pa epuloni. Ofisala wamkulu anawafunsa mwaulemu, "Mudala, uyu munyamata mumuziba? Anabadwila kuti?"

Ba Mwansa sanandiyang'ane. "Bwana, anabwela chabe kupempha nchito. Aba Bachawa simungabazibe, bangena mu dziko monga nyelele. Onani na chisote chake."

Ndinkangoyang'ana milomo yawo kuti mwina aseka, anene kuti akucheza. Anatembenuka n'kulowa m'butchala. Pambuyo pake ndinamva kuti wolemba ntchito mlendo wopanda chilolezo ankamutsekera shopu. Ndiye anayeza shopu ndi ine pasikelo, shopu inalemera.

Anatitsekera m'bwalo la waya, n'kutiuza kuti lole yopita kumalire ibwera tikachuluka. Ine amene sindinadutsepo ngakhale Chongwe, katauni kapafupi ka pamsewu wa kumalire, ankati anditumize "kwathu". Chiyao changa chinali cha moni ndi kutukwana basi. Ku Mangochi sindinkadziwa ngakhale dzina la mbale mmodzi wamoyo. Amayi sakanatha kubwera kudzandiona, chifukwa akanangotsegula pakamwa akanawalowetsa momwemo. Ndinkaganiza za iwo ali okha m'nyumba, akumva kuti mwana wawo watayidwa kudziko limene iwo analisiya ali mtsikana.

Amene anabwera anali bana Chileshe, mzamba uja, nkhalamba ya Chibemba yoyenda ndi ndodo. Anakokera tcheyamani wa chigawo chathu mpaka pageti, n'kuyamba kukalipa osapereka ndi moni. "Uyu mwana ninamugwila na manja aya! Mchombo ninadula na lezala, unakwililidwa kuseli kwa nyumba yao. Ngati mufuna, tiyeni na khasu!" Apolisi anaseka, koma tcheyamani analumbira kuti ndi zoona, ndipo ananditulutsa.

Ndinafunsa ofisala uja kuti tsono ndine wakuno kapena ayi. Anati, "Kubadwila kuno ni chinthu china, kunkala mwine wa dziko ni china. Nkhani yako ikali kuonewa. Uzibwela kuonekela mwezi na mwezi." Lole inanyamuka ndi anzanga aja. Telala wa tepi uja anali ndi ana asanu ku komboni ya Chawama.

Chimene ndinatolapo ndachisunga mpaka lero. Ndisanagwire ntchito ya munthu, sindiyamba ndafunsa malipiro. Ndimamuyang'ana n'kudzifunsa kuti lole itaima pakhomo, uyu adzati chiyani za ine.

Sabata isanathe ba Mwansa anatuma mwana kudzandiitana. Achawa onse anali atasiya kugula, nyama ikununkha pangowe. Amayi anandigwira mkono. "Yusufu, usakamenye munthu. Ukamenya ndiye wawapatsa chifukwa." Ndinapita manja ali m'thumba kuti ndisamenye munthu.

Ndinawapeza pakauntala, azimayi angapo ataima pakhomo. Anamwetulira ngati palibe chinachitika. "Ah, mwana wanga, wabwela! Vija vinali va boma chabe, iwe uziba. Kuli mbuzi zibili kuseli, mpeni uli apo."

Manja sanatuluke m'thumba. Ndinalankhula mokweza kuti azimayi aja amve.

"Ba Mwansa, musaniitane mwana wanu. Ine mbuzi nikalibe kuizinga nimayamba naipasa manzi, na mpeni nimaubisa kumbuyo kuti isauone. Imwe munanizinga nili kumuyang'anani pamenso. Mbuzi zanu zingani mweka."